"Ine Ndangotumiza": Mlandu Woipitsa Mbiri pa Foni

Amene muli m'minibasi, amene muli pamsika, ndi inu amene wailesi mwaiika pazenera uku maso ali pafoni, khalani pafupi, chifukwa nkhani ya lero ikukhudza chala chanu chimene mumatumizira mauthengacho.

Mu Julaye 2025 oweruza atatu a bwalo lalikulu, atakhala pansi kuunika nkhani yokhudza malamulo oyendetsera dziko, anathetsa gawo 200 la Penal Code, buku lija la milandu yaupandu limene anatisiyira atsamunda. Gawo limenelo ndi limene linkalola boma kumanga munthu n'kumuzenga mlandu chifukwa cholemba zoipitsa mbiri ya mnzake. Amene anakadandaula kubwaloko ndi a Joshua Chisa Mbele, omwe anamangidwa mu 2022 kaamba ka zomwe anaika pa Facebook zokhudza yemwe anali mkulu wa asilikali panthawiyo, General Vincent Nundwe. Zomwe analembazo ine sindizibwereza pano, ndipo chifukwa chake muchimva posachedwa.

Oweruzawo anati kuopseza munthu ndi ndende chifukwa cha mawu ndi chilango chopyola muyeso. Mantha ake amatseka pakamwa ngakhale anthu amene ali ndi zoona zoti anene, chikhalirecho woipitsidwa mbiriyo ali nayo kale njira ina, yokasuma yekha n'kupempha chipukuta misozi. Gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa aliyense ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo bwalolo linaona kuti gawo 200 likuphwanya ufulu umenewo. Ine chigamulochi ndinachiombera m'manja. Ndipo sitinali oyamba. Bwalo la ufulu wa anthu la mu Africa, limene lili ku Arusha, linanena kale mu 2014, pamlandu wa mtolankhani Lohé Issa Konaté wa ku Burkina Faso, kuti kutsekera munthu m'ndende pankhani yotere n'kulakwa. Ku Kenya bwalo linathetsa mlandu ngati womwewu mu 2017, ku Lesotho mu 2018, ndipo anzathu a ku Zambia anachotsa lamulo lomanga munthu wonyoza pulezidenti kumapeto kwa 2022.

Vuto ndi lakuti ambiri chigamulochi anangomva mutu wake. Mumawamva ena akuti, "Basi, tsopano tizingolemba, palibe wotigwira." Ayi ndithu, achimwene. Chimene chachoka ndi unyolo wa gawo 200. Kalata ya loya ikadalipo, samani ikadalipo, ndipo amene mwamunamizirayo akhoza kukutengerani kukhoti, mpaka katundu wa m'nyumba mwanu kulandidwa ngati mwalephera kulipira zimene bwalo lagamula.

Tiyerekeze gulu la banki mkhonde kwanuko, la amayi 25, lili ndi gulupu yake ya WhatsApp. Tsiku logawana layandikira, koma ndalama za m'bokosi sizikugwirizana ndi zomwe zili m'kaundula. Usiku mayi wina mtima wamupsa, wajambula voisi noti: "Amayi inu, tisanamizanepo apa. Ndalama wadya ndi msungichuma. Kodi malata atsopano ali padenga pakewo simukuwaona?" Pofika m'mawa, mawu aja afika kugulupu ya kwaya, afika kwa apongozi ake a msungichumayo, afikanso kwa bambo amene amamupatsa tomato pangongole, amene tsiku lomwelo wayamba kufuna ndalama pompopompo. Patatha sabata apeza kuti mlembi ndiye anaphonya powonkhetsa, ndalama zonse zilipo. Koma mayi uja akamadutsa pamjigo anthu akuyang'anabe denga lake.

Nkhani yotere ikafika kubwalo, woweruza amayamba wafunsa ngati mawuwo angachititse anthu oganiza bwino kumuona munthuyo ngati wachabechabe, kumupewa, kapena kusiya kumukhulupirira pantchito yake. Kunena munthu kuti ndi mbava, kuti amayenda ndi akazi a eni, kuti satifiketi yake anachita kugula, kuti mankhwala a m'chipatala amagulitsa kumsika, zonsezi zimalowa. Mawu otukwana a pamkangano nthawi zambiri mabwalo sawawerengera pamenepa. Wina akakunenani kuti galu, palibe amene apite kukafufuza ngati muli ndi mchira. Koma akati munaba ndalama zakutizakuti tsiku lakutilakuti, wanena chinthu chimene anthu angachikhulupirire.

Kenako amafunsa ngati omva anadziwa kuti akunenedwa ndani, ndipo apa ndi pamene ochenjera amagwera. "Ine dzina sindinatchule." Mayi, gululo msungichuma wake ndi mmodzi. Mukalemba kuti abusa ena a mpingo wa pafupi ndi chigayo, pomwe m'dera lonselo chigayo n'chimodzi, dzina mwatchula. Funso lina ndi lakuti kodi mawuwo anafika kwa munthu wachitatu? Mukamulembera mwini wakeyo payekha kuti ndiwe wakuba, mwamunyoza, koma mbiri yake simunaiipitse, chifukwa mbiri ya munthu imakhala m'mitu mwa anthu ena. Mukangoika pagulupu, kaya ya anthu asanu kaya ya anthu 1,024 amene WhatsApp imalola, mwafalitsa.

Ndipatukeko pang'ono. Pali bodza limodzi limene chigamulo cha 2025 sichinalikhudze n'komwe, la kunena munthu kuti ndi mfiti. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu woti apolisi akumangeni. Tonse tikudziwa agogo amene aphedwa kapena kuwotcheredwa nyumba chifukwa cha mawu amenewa. Voisi noti yonena kuti gogo uje ndiye wapha mwana ikakupezani, isadutse pafoni panu.

Tsopano tibwere kwa munthu amene ndamukonzera pulogalamu ino, uja amati, "Ine sindinalembe, ndangotumiza momwe ndalandirira."

Mvetserani zimene zinachitika ku Britain. Pa 2 Novembala 2012 pulogalamu ya Newsnight ya BBC inaulutsa nkhani yoti wandale wina wamkulu wa chipani cha Conservative, wa m'nthawi ya Margaret Thatcher, anachitira ana nkhanza zogonana pokhudzana ndi nyumba yosungirako ana ya kumpoto kwa Wales. Dzina sanalitchule. Koma pa Twitter anthu anayamba kulozerana Lord McAlpine, yemwe kale anali msungichuma wa chipanicho. Pasanathe masiku ambiri, mboni imene BBC inadalira inavomera kuti inasokoneza munthu, ndipo inapepesa. McAlpine analibe mlandu uliwonse. BBC inamulipira mapaundi 185,000, kanema wa ITV analipira mapaundi 125,000. Atathana ndi akuluakuluwo, mkuluyo anatembenukira kwa anthu a pa Twitter.

Mmodzi mwa iwo anali Sally Bercow, mkazi wa sipikala wa nyumba ya malamulo panthawiyo. Mayiyu sananene kuti McAlpine wachita kanthu. Anangofunsa kuti kodi dzina la mkuluyu likutchuka bwanji lero pa Twitter, n'kuwonjezerapo timawu tiwiri tosonyeza nkhope ya munthu wosadziwa kanthu. Basi. Kubwalo anati iye linali funso chabe. Mu Meyi 2013 woweruza Tugendhat anakana. Anati anthu amene anawerenga funsolo anali atamva kale nkhani ya BBC, timawu ta nkhope tija anatimva ngati chipongwe, ndipo anazindikira bwino lomwe munthu amene mayiyo akumuloza. Wanthabwala wotchuka Alan Davies, amene anatumizanso uthenga wa munthu wina wotchula dzina la McAlpine, analipira mapaundi 15,000. Anthu amene anali ndi owatsatira osakwana 500 McAlpine anawakhululukira, n'kuwapempha kuti apereke mapaundi 25 ku thumba lothandiza ana la Children in Need. Onani bwino pamenepa: anawakhululukira mwini wake. Lamulo silinawakhululukire.

Wina afunsa kuti za ku London zikutikhudza bwanji ife kuno. Malamulo athu a milandu yoipitsa mbiri tinawatengera kwa Angerezi, ndipo oweruza athu amawerenga zigamulo za kumeneko akamaunika nkhani zofanana, ngakhale sakakamizidwa kuzitsata. Mfundo yake ndi yakale kuposa intaneti, kuposa ngakhale wailesi ino: wobwereza bodza loipitsa mbiri amayankha ngati kuti walipeka yekha. Mawu oti "akuti", "zikumveka kuti", "sindikudziwa ngati n'zoona koma taonani", sakutchinjirizani. Funso lachipongwe silikutchinjirizani, kachithunzi ka nkhope yoseka sikakutchinjirizani. N'chifukwa chake ine sindinabwereze zomwe zinalembedwa za General Nundwe. Ndikanatero, mlandu ukanakhala wanga ndi wa wailesi ino, ndipo kunena kuti ndinaziona pa Facebook sikukanandithandiza. Ena amathawira ku mwambi woti mthenga saphedwa. N'zoona, koma mthenga amene saphedwa ndi wotumidwa. Inu anakutumani ndani?

Abale athu amene muli ku Joni, kumeneko mabwalo anafika patali kuposa apa. Mu 2013 bwalo lalikulu la ku Pretoria linazenga mlandu wa mayi amene analemba pa Facebook zonyoza mkazi wakale wa mwamuna wake, mpaka kukayikira kaleredwe kake ka ana. Polemba anamutaga mwamunayo, dzina lake n'kumaoneka pauthengapo. Bamboyo sanalembe liwu ndi limodzi lomwe. Koma ankadziwa, ndipo dzina lakelo sanalichotsepo. Bwalo linalamula kuti onse awiri alipire marandi 40,000.

Nanga adimini wa gulupu, kapena mwini tsamba limene anthu amalembapo makomenti? Apa mabwalo a m'maiko sanenera pamodzi. Ku Australia mu 2021 bwalo lalikulu kwambiri, pamlandu wa Dylan Voller, linagamula kuti makampani a nyuzipepala ndi akanema amene anatsegula masamba pa Facebook ndi ofalitsa a makomenti amene owerenga analemba pansi pa nkhani zawo, chifukwa ndiwo anatsegula bwalolo n'kuitana anthu kuti adzalankhule. Chaka chomwecho ku India bwalo lalikulu la Bombay linati adimini wa WhatsApp sangazengedwe mlandu chifukwa cha uthenga wa membala wina, pokhapokha zitaoneka kuti anapangana. Mukaika mlandu wa ku India pamodzi ndi wa ku Pretoria uja, funso limene limabwerabwera ndi lakuti kodi unadziwa, ndipo utadziwa unachitapo chiyani? Masiku ano adimini wa WhatsApp akhoza kufufuta uthenga wa membala aliyense kuti uchoke kwa onse. Maganizo anga ndi akuti adimini amene wauzidwa kuti uthenga uwu ndi wabodza, mphamvu yofufuta ali nayo, koma wausiya chifukwa gulupu yatentha ndipo zikukoma, ameneyo wadziika yekha pamzere wa oyankha.

Pali funso limene anthu amandifunsa kawirikawiri: bwanji osasumira Facebook yeniyeniyo, poti ndalama ili nazo? Kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook ndi WhatsApp, likulu lake lili ku California. Ku America kuli lamulo la 1996, gawo lake lodziwika ndi nambala 230, limene limati kampani yotere isatengedwe ngati wofalitsa wa zomwe anthu ena alemba pamasamba ake. Kwathu kunonso lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limateteza makampani amene ntchito yawo ndi kungonyamula kapena kusunga mauthenga a anthu, bola achotse zolakwikazo akadziwitsidwa. Nanga tsamba lija lopanda nkhope, la dzina lopeka, limene limatulutsa "zinsinsi" za anthu m'mawa uliwonse? Kumupeza mwini wake kumafuna chilolezo cha bwalo, ndalama ndi nthawi, ndipo mwina ali kutsidya kwa nyanja.

Ndiye taganizani ngati ndinu loya wa munthu woipitsidwa mbiri. Kampani ili kutali ndipo ndi yotetezedwa. Wopeka bodzayo sakudziwika. Koma pasikirinishoti imene kasitomala wanu wabweretsa pali dzina la munthu amene anatumiza uthengawo kugulupu ya mpingo, nambala yake ikuoneka, ndipo chiyambire 2018 nambala iliyonse ya foni m'dziko muno imalembetsedwa ndi chiphaso. Amagwira ntchito, malipiro ake amadziwika, nyumba yake aliyense angakulozereni. Musumira ndani? Wopeka bodza amabisala chifukwa akudziwa chimene akuchita. Wotumiza sabisala chifukwa amadziona ngati wosalakwa, ndipo ndi amene samani imamupeza.

Musadalirenso zoti mauthenga a WhatsApp ndi otsekedwa moti ngakhale kampaniyo singawawerenge. Umboni suchokera ku kampani. Umachokera kwa mnzanu wa m'gulupu momwemo, amene wajambula sikirinishoti inu musanafufute. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo ananena foni zisanabwere.

Kodi ndiye kuti tisamayankhule? Kutalitali. Lamulo lili ndi zodzitetezera zake, ndipo choyamba ndi choonadi. Ngati zomwe mwanenazo n'zoona, munthu sangakulipiritseni chifukwa choti zamupweteka. Koma apa pali msampha umene ambiri saudziwa. Pamlandu wa chipukuta misozi, wodandaula sayenera kutsimikizira bwalo kuti mawuwo ndi abodza. Udindo wobweretsa umboni woti ndi oona uli pa inu amene munawafalitsa. Mayi wa voisi noti uja adzafunsidwa risiti, kaundula, mboni imene inaona ndalama zikutuluka m'bokosi. Malata a padenga si umboni. Tsono amene anangotumiza ali pamavuto kuposa wopeka, chifukwa nkhaniyo sakuidziwa mutu wake ngakhale mchira wake. Woweruza akadzafunsa kuti munadziwa bwanji kuti n'zoona, yankho loti "zinali paliponse" lidzangowonjezera mlandu.

Chodzitetezera china ndi maganizo anu pankhani yokhudza anthu onse, bola akhale ochokera pa zinthu zoona. Kunena kuti mseu umene wamangidwa chaka chatha wakumbika kale ndipo khonsolo yatigwiritsa fuwa lamoto, amenewo ndi maganizo, ndipo maenjewo aliyense akuwaona. Kunena kuti injiniya wakutiwakuti analandira chiphuphu ndi nkhani ina, imafuna umboni. Palinso malo amene lamulo limateteza zolankhulidwa, monga m'nyumba ya malamulo ndi m'khoti, komanso dandaulo limene mwakapereka moona mtima kwa oyenera kulimva. Mukakayikira kuti wina akuba zaboma, kukanena ku bungwe lothana ndi katangale la ACB kapena kupolisi kuli ndi chitetezo chimene kulemba pa Facebook kulibe. Mayi wa banki mkhonde akanapempha komiti kuti iwerengenso ndalama pamaso pa onse, palibe akanamusumira.

Ndisakunamizeni kuti lamuloli limagwa mofanana kwa aliyense. Kusuma kumafuna loya, ndipo loya amafuna ndalama. Msungichuma wa banki mkhonde nthawi zambiri amathera kwa amfumu, kumene wolakwa amapepesa pagulu n'kulipa nkhuku kapena mbuzi, ndipo kunena zoona, kupepesa pamaso pa anthu omwe anamva bodzalo kumabweza ulemu mwachangu kuposa chigamulo chotuluka patatha zaka. Amene amathamangira kubwalo lalikulu kukafuna mamiliyoni kawirikawiri ndi anthu a maudindo ndi a chuma, ndipo ena mwa iwo cholinga sichikhala kuyeretsa dzina. Amafuna kuti mtolankhani kapena mnyamata wa pa Facebook aone nambala ya ndalamayo, achite mantha, akhale chete. Oweruza athu ayenera kukhala maso ndi milandu yotere. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Munthu amene anapempha mavoti athu kapena amasunga ndalama za misonkho ayenera kupirira mafunso owawa kuposa mayi wogulitsa mandasi. Izi sizikutanthauza kuti wandale alibe mbiri yoti n'kuipitsidwa. Ku South Africa, yemwe kale anali nduna ya zachuma, Trevor Manuel, anasumira chipani cha EFF mu 2019 chifukwa cha chikalata chimene chinafalitsa pa Twitter chomunena za kukondera posankha mkulu wa bungwe lotolera misonkho, ndipo mabwalo anapeza kuti chipanicho chinamuipitsiradi mbiri.

Kwa inu amene mwanenedwa zabodza, musathamangire kubwezera, chifukwa mukabwezera ndi bodza lanu milandu imakhala iwiri. Jambulani uthengawo tsiku ndi nambala zikuoneka, sungani voisi notiyo, dziwani anthu awiri atatu amene anaumva. Kenako pemphani wolembayo kuti afufute ndi kupepesa pamalo pomwepo pamene anakunenerani. Kwa inu amene mwazindikira kuti zomwe munatumiza dzulo n'zabodza, kufufuta kokha sikukwanira. Bwererani kugulupu konko mukanene poyera kuti zija sizinali zoona. Kupepesa sikufafaniza mlandu, koma mabwalo amakuwerengera poika kuchuluka kwa chipukuta misozi, ndipo wokakamira bodza mpaka kukhoti ndi amene amalipa zambiri.

Chimene chikundidetsabe nkhawa ndi lamulo lija la 2016. Gawo 87 limati munthu amene mwadala komanso mobwerezabwereza agwiritsa ntchito foni kapena kompyuta kusokoneza mtendere wa mnzake popanda chifukwa chomveka akhoza kulipa K1 miliyoni ndi kukhala kundende miyezi 12. Gawo 86, lonena za kuzunza munthu kudzera pa intaneti, chilango chake ndi K2 miliyoni ndi zaka zisanu. Malamulo amenewa ali ndi ntchito yake. Mtsikana amene chibwenzi chake chakale chikumuopseza usiku uliwonse pafoni akuwafuna. Koma taona kale atolankhani ndi anthu wamba akugona m'chitokosi pansi pa lamulo lomweli chifukwa cholemba zokhudza anthu a maudindo. Ngati wamkulu aliyense wokwiya ndi zolembedwa pa Facebook angathe kuimbira apolisi, iwo n'kungosintha nambala ya gawo papepala la mlandu kuchoka pa 200 kupita pa 87, ndiye kuti oweruza atatu aja anangotaya nthawi yawo. Aphungu athu akamadzaunikanso malamulo a za intaneti, alembe momveka kuti dandaulo la kuipitsidwa mbiri njira yake ndi ya samani, ndipo nduna, mkulu wa asilikali kapena bwana wa kampani akaime pamzere womwewo umene msungichuma wa banki mkhonde angaime, alipire loya wake ndi ndalama za m'thumba mwake.